Nkhope ya AI yooneka ngati ya munthu weniweni: Midjourney, Gemini, ChatGPT kapena Flux?

Musanafunse kuti pulogalamu yabwino ndi iti, yambani mwadziwa kuti nkhope imene mukufunayo ndi ya ndani. Ntchito zimene zimafika m'masitudiyo ndi m'malo osindikizira muno mu Mzuzu zili mitundu iwiri. Ina imafuna munthu wongopeka: mayi womwetulira atanyamula kapu ya khofi pa positala ya malo odyera ku Katoto, kapena mnyamata wa suti pa chikwangwani cha telala ku Chibavi. Munthu wotereyu kulibe, ndiye palibe wachibale amene angabwere kudzadandaula kuti mphuno yalakwika. Ina ndi ya munthu amene alipo kapena analipo: wophunzira wa ku Mzuni wofuna chithunzi cha pa CV, mkwatibwi wofuna kuti zakumbuyo zisinthidwe, banja lofuna kukuza chithunzi cha malemu. Pamenepa kukongola pakokha sikukwanira, abale akayang'ana ayenera kuvomereza kuti ndi yemweyo. Mapulogalamu amene amachita bwino pa ntchito yoyamba si amene amachita bwino pa yachiwiri, ndipo madola ambiri amatayika chifukwa chosakaniza ziwirizi.

Pali vuto limodzi limene mudzakumane nalo kulikonse. Mapulogalamuwa anaphunzira kuchokera ku zithunzi za pa intaneti, ndipo zithunzi za anthu akuda zimene zili zambiri kumeneko ndi za m'magazini a mafasho ndi zotsatsira malonda, zokonzedwa kale pa kompyuta. Mukangolemba kuti "African woman", mudzapatsidwa mtsikana wa khungu losalala mopitirira, loyererako ngati wadzola mafuta oyeretsa, atavala duku lalikulu la ku Nigeria kapena mikanda ya Amasai. Chitenje chathu sachidziwa bwino, ndipo yunifolomu ya amayi a Umanyano kapena a Mvano musayembekezere kuti ituluka molondola popanda kuipatsa pulogalamuyo chithunzi choti ionere. Mankhwala ake ndi kulongosola zonse m'mawu olamula aja, amene aliyense amangowatcha prompt: zaka za munthuyo, mtundu wa khungu, tsitsi lake, chovala, komwe kuwala kukuchokera, ndi lenzi. Mawu monga "deep brown skin, visible pores, no makeup, overcast daylight, 85mm lens" amasintha zinthu kuposa kubwereza kuti "realistic" kasanu. Mawu a "beautiful", "perfect" ndi "8K" achotseni, chifukwa ndi amene amaitana khungu lonyezimira lija. Prompt ilembeni m'Chingerezi. Chichewa ndi Chitumbuka mapulogalamuwa amangomvako pang'ono, ndipo mawu akuti chitenje ndi bwino kuwatsatiza ndi malongosoledwe a nsalu yake.

Midjourney

Pa munthu wongopeka, Midjourney ikadali pakati pa zotsogola. Inatsegulidwa kwa anthu mu Julaye 2022 kudzera pa pulogalamu yochezera ya Discord, ndipo pano ili ndi webusaiti yakeyake. Mphamvu yake ili pa kuwala ndi mitundu: mthunzi wa pansi pa chibwano, kuwala kwa m'maso, zakumbuyo zozimiririka bwino. Chofooka chake chili pomwepo, imakongoletsa ngakhale simunaipemphe. Kuti muiletse, onjezerani --style raw kumapeto kwa prompt, ndipo tsitsani --s, nambala yolamulira kukongoletsako, kuchoka pa 100 pomwe imakhala mwachizolowezi kufika pa 50 kapena kucheperapo. Ikani --ar 4:5 kapena --ar 2:3 kuti chithunzi chiime chilili, apo ayi chituluka cha mbali zofanana.

Yaulere kulibe. Pulani yotsika kwambiri ndi madola 10 pamwezi, ndipo imakupatsani maulendo pafupifupi 200 otumiza prompt, ulendo uliwonse zithunzi zinayi. Zimaoneka zambiri, koma nkhope imodzi yokhutiritsa ikhoza kudya maulendo 10 kapena 15.

Pa munthu weniweni sitikuilimbikitsa. Midjourney V7, imene inatuluka mu Epulo 2025, ili ndi --oref yoipatsira chithunzi cha munthu kuti itsanzire, koma chimene chimatuluka nthawi zambiri chimakhala cha m'bale wake wa munthuyo, osati iyeyo. Komanso zithunzi zimene mwapanga pa pulani yotsika zimaoneka kwa ena onse olembetsa. Kuzibisa kumayambira pa pulani ya madola 60. Nkhope ya kasitomala si yoika poyera chonchi iye asakudziwa.

ChatGPT ndi Gemini

Awiriwa amafanana poti mumalankhula nawo ngati mukucheza, ndipo onse mukhoza kuwayesa ulere pa foni, ndi malire a zithunzi patsiku. Kusiyana kwawo kuli pa zimene amachita ndi nkhope mukaipereka.

ChatGPT inasintha kapangidwe kake ka zithunzi mu Malichi 2025. Imamva malangizo aatali kuposa Midjourney ndipo imalemba zilembo zowerengeka, ndiye ngati positala ikufuna munthu pamodzi ndi dzina la shopu ndi mitengo, yambirani pano. Mawu a Chichewa awerengeni chilembo ndi chilembo musanasindikize, makamaka pamene pali ng' ndi m'. Mavuto ake ndi awiri. Zithunzi zake zakhala zikutuluka zachikasu pang'ono, ndipo pa khungu lakuda chikasu chimenechi chimaonetsa munthu ngati wodwala. Chotsani posintha white balance m'pulogalamu ina iliyonse yokonzera zithunzi. Lachiwiri ndi loti mukaipempha kusintha kolala yokha, imajambulanso chithunzi chonse kuyambira pachiyambi. ChatGPT yatsopano yachepetsako vutoli, komabe mukasintha katatu kanayi motsatizana, nkhope imasuntha pang'onopang'ono mpaka kukhala ya wina. Pulani yake ya Plus ndi madola 20 pamwezi.

Gemini ya Google ndiyo imagwira nkhope bwino pakati pa mapulogalamu a pa foni, kuyambira pamene inatulutsa chida chake chokonzera zithunzi chotchedwa Nano Banana mu Ogasiti 2025. Wofuna chithunzi cha pa CV kapena pa LinkedIn, wofuna kuchotsa waya woyanikira zovala kumbuyo kwake, kapena kuvekedwa jekete m'malo mwa T-shirt, ayambire apa. Koma pali kachitidwe kake. Sinthani chinthu chimodzi paulendo, ndipo ulendo uliwonse lembani kuti nkhope, khungu ndi tsitsi zisakhudzidwe. Zikalakwika, musakonze pa chithunzi cholakwikacho; tsegulani macheza atsopano, mubwezemo chithunzi choyambirira. Pewani kupempha zakumbuyo zimene kuwala kwake kukusemphana ndi kwa pankhope. Munthu wojambulidwa pamthunzi wa khonde akaikidwa pa gombe la ku Nkhata Bay dzuwa likuswa mtengo, mutu umaoneka womatidwa, ndipo ngakhale mwana amazindikira. Nthawi zina imangokubwezerani chithunzi chomwecho osasintha kanthu. Mukatero sinthani kalembedwe ka pempho lanu m'malo mobwereza mawu omwewo. Dziwaninso kuti chithunzi chilichonse cha Gemini chimakhala ndi chizindikiro chobisika chotchedwa SynthID chosonyeza kuti chadutsa mu AI, ndipo pa zaulere pamakhalanso kanyenyezi pakona.

Meta AI, imene inafika ku Malawi mu Epulo 2024 ndipo ili mu WhatsApp momwemo, ndi yabwino poonetsa kasitomala ganizo mwachangu muli pa kauntala. Nkhope zake zimanyezimira kwambiri, si zosindikiza. Leonardo, imene inagulidwa ndi Canva mu 2024, imapereka ma token aulere opangira zithunzi tsiku lililonse ndipo ndi malo abwino ophunzirirapo kulemba prompt musanalipire kwina.

Photoshop ndi Firefly

Nkhope zimene Firefly ya Adobe imapanga payokha zimakhala zaukhondo koma zozizira, za mtundu wa zithunzi zogulitsa pa intaneti, ndipo n'zomveka chifukwa inaphunzira kwambiri pa Adobe Stock. Phindu lake lenileni lili mu Photoshop, pa Generative Fill. Mumazungulira malo amene mukufuna kusintha, kaya ndi khoma, tayi kapena phewa la munthu wina amene analowerera m'chithunzi, ndipo AI imagwira m'kati mwa mzere wanuwo basi. Nkhope mukaisiya kunja kwa mzere, palibe pikiselo yake ngakhale imodzi imene imasintha. Kwa situdiyo yojambula maukwati, zinkhoswe ndi omaliza maphunziro, iyi ndiyo njira yodalirika kuposa zonse pa anthu enieni, chifukwa funso loti kodi ndi yemweyo silibukanso. Posankha malo, lowani pang'ono m'mphepete mwa tsitsi ndi mapewa, mapikiselo ochepa chabe, kuti pasatsale kamzere koyera kozungulira munthu. Imalipidwa mwezi ndi mwezi ndipo imafuna intaneti nthawi iliyonse mukudzaza.

Stable Diffusion ndi Flux pa kompyuta yanu

Njira iyi ndi yosiyana ndi zonse zija chifukwa mukadawuniloda kamodzi, imagwira ntchito popanda intaneti ndiponso popanda ndalama ya pamwezi, ndipo zithunzi za makasitomala sizichoka m'situdiyo mwanu. Mtengo wake uli pa makina. Pamafunika graphics card yamphamvu, makamaka ya NVIDIA, chipangizo cha m'kompyuta chogwira ntchito ya zithunzi. SDXL, Stable Diffusion imene kampani ya Stability AI inatulutsa mu Julaye 2023, imayenda pa card ya 8 GB. Fayilo yake ndi pafupifupi 7 GB. Flux ya Black Forest Labs ya ku Germany, imene inatuluka mu Ogasiti 2024, imapanga manja ndi maso abwino kuposa SDXL, koma fayilo yathunthu ya FLUX.1 dev imapitirira 23 GB. Pali mitundu yake yochepetsedwa imene imalowa pa card ya 12 GB monga RTX 3060, ndipo imeneyi ndiyo card yoyambira imene tingalangize. Laputopu wamba ya mu ofesi siingakwanitse. Mafayilo aakulu chonchi musawakoke ndi bandulo ya masana pa foni. Pezani pamene pali intaneti yokhazikika, gwiritsani ntchito pulogalamu yotha kupitiriza netiweki ikaduka, ndipo mukamaliza sungani kope pa hard drive ina.

Magetsi muwaganizire musanagule. RTX 3060 payokha imakoka mawati 170 ikamagwira ntchito, kompyuta yonse pamodzi ndi sikirini mwina 300. Sola yaing'ono yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni siinyamula zimenezi. UPS, batire losungira kompyuta magetsi kwa kanthawi, ndi yofunika, osati kuti mupitirize ntchito magetsi akathima, koma kuti muzimitse makina mwadongosolo.

Mapulogalamu oyendetsera mafayilowa pali Fooocus, yosavuta kwa woyamba koma ya SDXL yokha, ndi ComfyUI, yovuta kuzolowera koma yotha zonse. Pa SDXL musagwiritse ntchito fayilo yoyambirira. Tengani yokonzedwera nkhope monga RealVisXL kapena Juggernaut XL, muike CFG, nambala yolamulira mmene pulogalamu itsatirire prompt, pakati pa 4 ndi 6 ndi ma step 25 mpaka 30. CFG ikakwera kupitirira 8, khungu limapsa ndipo mitundu imakuwa. Pa Flux dev, nambala yofanana nayo yotchedwa guidance imakhala pa 3.5, itsitseni ifike pa 2 kapena 2.5 ndipo mudzaona timabowo ta pakhungu tikubwerera. Flux ili ndi chizolowezi chopatsa aliyense chibwano chogawikana pakati, amuna ndi akazi omwe, ndipo amene azolowera zithunzi za AI amachizindikira msanga. Longosolani chibwano mu prompt kapena chikonzeni padera.

Pa munthu weniweni, njira imeneyi ili ndi zida ziwiri. Inpainting imagwira ntchito monga Generative Fill. LoRA ndi kafayilo kamene mumaphunzitsa nkhope ya munthu mmodzi ndi zithunzi 15 mpaka 25, zojambulidwa masiku osiyana, zovala zosiyana, mbali zosiyana. Zithunzi zonse zikakhala za tsiku limodzi, LoRA imaphunzira malaya ndi khoma pamodzi ndi nkhope, ndipo malayawo azidzatulukira paliponse. Imathandiza kwa woimba kapena mwini bizinesi wofuna zithunzi zambiri chaka chonse; kwa chithunzi chimodzi cha pa CV n'kutaya nthawi.

Chenjerani ndi chilolezo. FLUX.1 schnell ndi yomasuka ngakhale pa malonda, koma nkhope zake n'zotsikirapo. FLUX.1 dev inatuluka ndi chilolezo choletsa kuigwiritsa ntchito pa malonda popanda mgwirizano, choncho werengani mawu ake musanamange bizinesi pa iyo.

Chithunzi choyambira

Pa munthu weniweni, theka la ntchito limatha musanatsegule pulogalamu iliyonse. Zimitsani beauty mode pa foni. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amasalaza nkhope okha, ndipo AI ikalandira khungu losalazidwa kale imawonjezera. Imani patali mamita awiri ndipo mugwiritse ntchito zoom ya 2x, chifukwa selfie ya pafupi imakulitsa mphuno ndi kuchepetsa makutu. Mitambo ya kuno kwathu ndi mwayi: tsiku la mitambo limapereka kuwala kofewa kumene khungu lakuda limaoneka nako bwino, popanda chipumi chonyezimira ndi maso olowa mumdima. Kasitomala akamakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, atumize ngati document, chifukwa njira yachizolowezi imachifinya.

Zithunzi zakale za malemu n'zimene zimafuna mtima wodekha kwambiri, ndipo nthawi zambiri zimabwera usiku, maliro ali mawa. Remini, pulogalamu yowalitsira zithunzi zakale, ndi zida zofanana nayo sizibwezeretsa zimene zinafufutika. Zimapeka maso, mano ndi khungu kuchokera ku nkhope zina zimene zinaphunzira. Mpata wa pakati pa mano umatsekedwa, chipsera chimachoka, mphini za agogo zimafufutidwa ngati dothi, makwinya amachepa, ndipo banja limalandira chithunzi chowala cha munthu amene silikumudziwa. Sikanani chithunzi chenichenicho pa 600 dpi (madontho pa inchi iliyonse) m'malo mochijambula ndi foni. Konzani ming'alu ndi zakumbuyo kaye. Ngati nkhope ikufunikadi kuthandizidwa, ikani yokonzedwayo pamwamba pa yoyambirira mu Photoshop kapena GIMP, mutsitse opacity, kuonekera kwa chapamwambacho, ifike pa 30 kapena 40 peresenti. Mu Stable Diffusion, denoise, nambala yolamulira kuchuluka kwa zosintha pa chithunzi, isapitirire 0.3. Chithunzi chosawala kwenikweni koma cha munthu wake chiposa chowala cha mlendo. Wachibale achione pa sikirini ndi kuvomereza musanadinde ma T-shirt kapena nsalu.

Kulipira

Chimene chimagamula nkhaniyi kwa ambiri muno si ubwino wa zithunzi ayi, koma ndalama zakunja. Midjourney, ChatGPT, Adobe ndi malo obwereka makina pa intaneti monga RunPod ndi Replicate onse amafuna khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira kunja. Airtel Money ndi Mpamba wamba sizifika kumeneko mwachindunji. Ndi kusowa kwa forex kumene kwakhalapo, mabanki amaika malire pa zolipira zakunja, ndipo khadi limene ladutsa mwezi uno likhoza kukanidwa mwezi wamawa ntchito ya kasitomala ili pakati. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mapulani onsewa m'makwacha unakwera tsiku limodzi. Choncho funsani kubanki kwanu za malire musanalonjeze kasitomala, lipirani mwezi umodziumodzi, ndipo dawunilodani zithunzi zanu zonse tsiku lomwelo. Amene amagulitsa akaunti yogawana anthu asanu pa WhatsApp apeweni: malamulo a makampaniwa amaletsa, akaunti ikhoza kutsekedwa, ndipo onse ogawana nawo amaona nkhope za makasitomala anu.

Mwa kuona kwathu, wochita ntchito ziwiri zitatu pamwezi asalipire kanthu, Gemini yaulere ndi ChatGPT yaulere zimukwanira. Situdiyo yojambula anthu tsiku ndi tsiku iike ndalama pa Photoshop. Wopanga mapositala a malonda alipire Midjourney miyezi imene ntchito yachuluka. Kompyuta ya Flux ndi ya amene ali ndi ntchito yokwanira kubweza mtengo wa makina ndiponso mtima wokonda kusintha ma setting.

Nkhope ya munthu musaiike mu pulogalamu iliyonse mwa izi iye asanavomere, ndipo ya mwana pafunika chilolezo cha makolo. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024 ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo kupanga chithunzi chabodza cha munthu kuti mumunyoze kapena kunamiza anthu kukhoza kukufikitsani kukhoti. Kasitomala wobwera ndi chithunzi cha mnzake, cha abusa kapena cha wandale kuti mumuike pamalo pamene sanapiteko, mukanizeni. Zithunzi za pa ziphaso, visa ndi mafomu a mayeso zikhale za kamera basi.

Kuyesa ndi kusindikiza

Musanasankhe, lembani prompt imodzi ya munthu wa mtundu umene makasitomala anu amafuna, muitumize ku mapulogalamu onse amene mungawafikire, zithunzi zinayi paliponse. Zikuzeni pa 100 peresenti pa kompyuta, osati pa foni. Yang'anani ngati kadontho ka kuwala kali mbali imodzi m'maso onse awiri, ngati mano ali owerengeka, ngati ndolo zikufanana, ngati zingongo kapena mesh zikuchokeradi m'mutu, ndiponso ngati maluwa a chitenje akupindika pamene nsalu yapindika. Zala tsopano zimalakwika mwa apo ndi apo, koma zogwira kapu kapena foni ziwerengenibe.

Kenako sindikizani, chifukwa sikirini imabisa zambiri. Chithunzi cha mapikiselo 1024 m'mbali, pa 300 dpi, chimangokwana masentimita 8.7. Cha positikhadi, 10 kwa 15, chimafuna pafupifupi 1200 kwa 1800, ndipo A4 imafuna 2480 kwa 3508. Cha ChatGPT cha 1024 kwa 1536 chimadutsa pa positikhadi koma pa A4 chimafewa. Kuzani ndi Upscayl, yaulere ndiponso yogwira popanda intaneti, kawiri kapena kanayi, ndipo mukatero onjezerani noise (timadontho tating'onoting'ono) pang'ono, 2 kapena 3 peresenti, kuti khungu lisaoneke lopakidwa. Chikwangwani choonedwa patali sichifuna 300 dpi, 100 imakwana.

Khungu lakuda limada kwambiri pa pepala kuposa pa sikirini, makamaka pa makina a CMYK osindikizira mapositala ndi ma banner, kumene inki zinayi zikaunjikana pamthunzi wa tsaya ndi pakhosi zimasanduka chigamba chimodzi chakuda. Kwezani mithunzi pang'ono musanatumize fayilo, osati kuwala kwa chithunzi chonse, apo ayi mwamuyeretsa munthu. Pemphani osindikiza akutulutsireni kachidutswa ka nkhope yokha pa kukula kwenikweni, pa pepala kapena nsalu yomweyo imene ntchito yonse idzatulukirepo, ndipo mukakayang'anire panja, chifukwa mababu a m'shopu amasintha mtundu.